Mutu 3: Kansalu Kofiira Kasanduka Koyera

1. Tsiku lomaliza la mwezi

Dzina lakuti Changu sanabadwe nalo ayi. Anamupatsa ndi anzake a pantchito, tsiku lachitatu chiyambireni, ataona kuti khonde limene ena amakolopa ola lathunthu iye walimaliza madzi a tiyi asanawire. Iye dzinalo analikonda kwambiri. Amene anamupatsawo sikuti ankamuyamikira, koma mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ungamuuze chiyani?

Fakitale imene ankagwirako inali yosoka zovala. Azimayi oposa zana ankakhala m'mizere, aliyense ndi makina ake, kuyambira m'mawa mpaka belu loweruka. Kumapeto kwa khonde lalitali kunali chipinda cha ana, kumene osokawo ankasiya makanda awo m'manja mwa mlezi. Eni fakitale sankasesa okha. Analemba kampani yoyeretsa, ndipo kampaniyo inatumiza anthu anayi ndi kapitawo wawo. Changu ndiye anali wachinayi, wongoyesedwa kwa mwezi umodzi.

Ntchitoyi anamupezera ndi azakhali ake, amene anali atakolopa m'maofesi ndi m'zipatala zaka khumi ndi zinayi osalandirako kalata yochenjeza ngakhale imodzi. Chimalizireni sekondale, Changu anali atakhala pakhomo chaka chathunthu akuwerenga magalimoto odutsa mumsewu. Azakhaliwo zinawatopetsa, ndipo tsiku lina anakagogoda okha kwa akapitawo.

"Ndaikapo dzina langa pamenepa, mwana wa achimwene," anamuuza pobwerera. "Ukagwa iwe, ndagwa ine."

Tsono Lachisanu limeneli linali tsiku lomaliza la mweziwo. Masana ake akapitawo ankayenera kusaina pepala lonena chimodzi mwa ziwiri: Changu akhale pantchito, kapena abwerere kokawerenga magalimoto kuja.

2. Tinsalu tinayi

Oyeretsawo ankasunga zipangizo zawo m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Munali ndowa, matsache, mamopu, magolovesi ndi mabotolo a mankhwala. Kuseri kwake kunali kabwalo kakang'ono, ndipo pamenepo panamangidwa zingwe zinayi zoyanikapo tinsalu topukutira, chingwe chilichonse ndi mtundu wake.

Tsiku loyamba azakhali anamuimika Changu pakabwalopo n'kumuuza mawu awa:

"Tchera khutu, chifukwa sindibwereza. Kusesa kwa kunyumba ndi kwa kuno n'kosiyana. Kunyumba umasesa kuti alendo asakunene. Kuno timayeretsa kuti anthu asadwale. Litsiro limene ukuliona ndi maso silivuta, umangolichotsa. Limene limagoneka munthu m'chipatala ndi losaoneka lija. N'chifukwa chake tinsaluti tili ndi mitundu. Kofiira n'ka m'chimbudzi. Kamabadwira m'chimbudzi ndipo kamafera momwemo. Kachikasu n'ka m'masinki osambiramo m'manja. Kabuluu n'ka madesiki ndi mazenera. Koyera n'ka pamene pamafika chakudya, basi. Timeneti si tapachibale ayi. Kofiira ndi koyera sapatsana moni, ndipo ngakhale pachingwe sayandikana. Mankhwala nawonso ali ndi muyezo wake. Klorini ndi chitsekerero chimodzi m'ndowa yodzaza madzi. Sathira ndi mtima, amathira ndi muyezo. Wamva?"

"Ndamva, azakhali," anayankha Changu, maso ali pawotchi ya pakhoma.

Kumva anamva ndithu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira ilo.

Lachinayi madzulo, atatsala pang'ono kuweruka, Changu anayang'ana kansalu kake kofiira n'kuona kuti kathimbirira. Mawa lake akapitawo ankayendera zipangizo za aliyense, ndipo iye ankafuna kuti kake kawale kuposa ka wina aliyense. Anatenga kandowa, n'kuthiramo klorini theka la botolo popanda ndi dontho lomwe la madzi, n'kuvikamo kansaluko kuti kagone momwemo. Sanafunse munthu. Paja safunsa anadya phula.

M'mawa wa Lachisanu atakavuula, anangoti kakasi. Kansalu kofiira kaja kanali katasuluka, kayera kuti mbee. Chofiira chimene chinatsala ndi ulusi wosokera m'mphepete mokha.

Tinsalu tatsopano tinkakhala m'kabati yokhoma, ndipo kiyi wake ankalendewera palamba wa akapitawo. Kupempha kena kunali kufotokoza, ndipo kufotokoza pa tsiku ngati limeneli Changu sanakufune. Anavala magolovesi, natenga kansalu kosulukako, n'kukapukuta nako zimbudzi zonse zisanu ndi chimodzi za azimayi osoka. Atamaliza anakatsukuluza pampopi ndi madzi okha, chifukwa khonde linkamudikira.

Vuto linadza poyanika. Kansalu koyera pachingwe cha tofiira kakanaitana akapitawo kuchokera patali. Changu anayang'ana uku ndi uku, kenako anakapachika pachingwe cha toyera, pakati penipeni pa tinzake, kuti kasaoneke. Anati akachotsa masana n'kukakataya kunja kwa mpanda.

Apa ndiye panali uchitsiru weniweni, ndipo tisauveke dzina lina. Kusulutsa kansalu kunali kulakwitsa chabe. Kukabisa pakati pa toyera kunali kutchera msampha anthu osalakwa.

3. Ulusi wa m'mphepete

Itatsala pang'ono kukwana teni koloko, Changu ankadutsa pakhonde atanyamula ndowa. Chitseko cha chipinda cha ana chinali chotsekula. Teni koloko ndi nthawi imene anawo ankadya buledi ndi nthochi, ndipo chipindachi ankachisamalira ndi azakhali, chifukwa akapitawo sankachipereka kwa munthu wamba.

Mlezi anali pakona akusambitsa ana m'manja mmodzimmodzi. Buledi anali adakali m'pepala lake pamwamba pa kabati. Azakhali anali atawerama, akumaliza kupukuta katebulo kachitatu.

Atawongoka, anakung'untha kansalu kaja kuti akapinde. Changu anaona ulusi wofiira m'mphepete mwake.

Anaima pakhomopo ndowa ili m'manja. Palibe amene anamuona, ndipo palibe amene akanadziwa. Matebulo ankawala bwinobwino. Akanangopitirira ndi ndowa yake, masana pepala likanasainidwa, ndipo ana akanayamba kutsekula m'mimba Loweruka kapena Lamulungu ali kunyumba kwawo, ndani akanaganiza za kansalu?

Anasuntha phazi limodzi kuti azipita.

Pamenepo kamtsikana kena ka mano awiri okha, kamene kanali katangoyamba kuyenda, kanapulumuka m'manja mwa mlezi n'kuyamba dzandidzandi kulunjika patebulo. Aliyense pafakitalepo ankakadziwa kamwanaka. Mano ankakayabwa, tsono chilichonse chimene kapeza kankachiluma, makamaka m'mphepete mwa tebulo. Kanali katayasamula kale.

Changu anatsitsa ndowa, n'kulowa, n'kukanyamula m'mwamba pakamwa pasanafike pathabwa. Kamwanako kanalira chifukwa chokalanda tebulo lake.

"Iwe, ukulowa muno ndi yunifomu ya kuzimbudzi?" anafunsa azakhali.

"Azakhali, musaike chakudya pamenepo."

"Chifukwa?"

"Kansalu mwagwirako n'ka m'chimbudzi."

Azakhali anayang'ana kansaluko, kenako anayang'ana mwana wa achimwene awo. "Koyera aka?"

"Taonani ulusiwo. Ndi kofiira kanga kaja. Ndinakavika m'klorini dzulo ndipo kanasuluka. M'mawa uno ndapukutira zimbudzi zonse, kenako ndinakayanika pa toyera kuti akapitawo asakaone."

Mawu onsewa anatuluka kamodzi, mutu uli pansi. M'chipindamo munangomveka kulira kwa kamwana kaja ndi phokoso la makina osokera kuseri kwa khoma.

4. Kuyambiranso

Changu ankayembekeza kuti azakhali akalipa mpaka denga kusasuka. Sanatero. Anatembenuza kansaluko, naona ulusiwo, n'kukaponya m'jumbo n'kumanga pakamwa pake.

"Zoyankhula zibwera," anatero. "Pano ntchito kaye. Mayi, pepani, tengani anawa mukawaimbitse nyimbo panja. Mutipatse theka la ola. Pali amene wagwira tebulo kapena mpando?"

"Palibe," anayankha mlezi. "Onse anali ndi ine pamphasa, kupatula kankhalwe aka, ndipo sikanafike."

"Nako mukasambitse m'manja ndi sopo, poti wakagwira ndi uyu. Buledi sindinamukhudze, ali bwino."

Mlezi anatulutsa anawo ali pamzere, akuwomba m'manja. Azakhali anavula magolovesi awo n'kuwaponya m'jumbo lina, nasamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako anamutuma Changu.

"Thamanga, poti kuthamanga ndiye umatha. Ukavule epuloniyo, usambe, uvale ina yochapa. Ubweretse ndowa ziwiri zoyera, sopo ndi klorini. Tinsalu ta pachingwe cha toyera usatigwire, tonse taipa chifukwa tinagundana ndi kameneka. Ubwere ndi mapepala opukutira aja."

Changu anabwera nazo asanapume kawiri. Azakhali anayamba kuloza paliponse pamene kansalu kaja kanadutsa: matebulo atatu, timipando khumi ndi tiwiri, shelefu ya makapu, chogwirira cha kabati. Makapu onse amene anali atavundikiridwa pashelefupo anawatsitsa kuti atsukidwenso.

Changu anatsekula botolo la klorini kuti ayambe kuthira patebulo. Azakhali anamugwira dzanja.

"Ukubwerezanso? Sopo ndiye amayamba. Sopo amachotsa mafuta ndi litsiro, kuti mankhwala akafika apeze tizilombo tili pamtunda. Ukathira mankhwala pamwamba pa litsiro, wangodyetsa litsirolo. Tsuka ndi sopo, utsukuluze, kenako klorini wosungunula. Zitsekerero zingati?"

"Chimodzi m'ndowa yodzaza."

"Kani umadziwa?"

Anatsuka limodzi, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo. Atamaliza kupaka madzi a klorini paliponse, Changu anatenga pepala kuti aumitse.

"Siya," anatero azakhali. "Mphindi khumi."

"Khumi zathunthu?"

"Zathunthu. Mankhwala ali ngati mlendo, sangofika n'kuyamba kunena chimene wadzera. Amafuna akhale kaye pansi. Ukawapukuta msanga, tebulo linunkhira bwino koma tizilombo tili moyo, tikukuseka."

Anaima pambali akuyang'ana wotchi. Chibadwireni Changu anali asanaimepo mphindi khumi osachita kanthu. Ankasinthasintha miyendo, akupotokola zala.

"Ukumva kuwawa eti?" anafunsa azakhali, akumuyang'ana cham'mbali. "Achimwene nawonso anali choncho. Ankavula nsapato asanamasule zingwe, kenako m'mawa n'kumalimbana ndi mfundo. Magazi sanama."

Changu anafuna kuseka koma misozi ndi imene inatsogola. Anaipukuta ndi phewa, chifukwa m'manja munali magolovesi.

Mphindi khumi zitakwana anatsukuluza ndi madzi oyera n'kuumitsa. Mlezi anabweretsa ana, onse akudandaula njala, n'kuwakhazika pamipando. Buledi anadulidwa, nthochi zinasendedwa. Monga mwa masiku onse, theka la chakudyacho linathera patebulo osati m'mbale, ndipo ana ankalitola ndi zala n'kumaponya m'kamwa. Kamtsikana ka mano awiri kaja kanasiya nthochi yake, n'kugwira tebulo ndi manja onse awiri, n'kuliluma mokhutira.

"Luma, mwanawe," anatero azakhali. "Pano ukhoza kulidya lonse."

Mlezi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Changu anatsamira khoma n'kuusa moyo. Apa m'pamene mtima wake unayamba kukhala m'malo.

"Mtsikana iwe," anatero mlezi akumupatsa kapu ya madzi, "ine ndili ndi ana khumi ndi awiri muno, ndipo amayi awo amandisiyira osatembenuka. Wandichititsa mantha lero, komanso wandipulumutsa. Sindikudziwa kuti ndikumenye kapena ndikuthokoze. Imwa madzi."

5. Pansi pa masitepe

Atatuluka pakhonde, azakhali ananyamula jumbo la kansalu lija m'mwamba.

"Ichi chiyenera kufika kwa akapitawo. Ine sindibisa, ndipo usandipemphe. Funso ndi lakuti ndipite ine kapena upita wekha."

"Ndipita ndekha."

"Ndikuperekeza mpaka pakhomo. Pakamwa ndi pako."

Akapitawo anali bambo wamtali, wa imvi cham'mbalimu, wosakonda kuyankhula kawiri. Anawapeza m'kachipinda kaja akulemba mayina pamabotolo opopera. Changu anaika jumbo pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira pa theka la botolo mpaka pa ulusi wofiira. Sanasiyeko kanthu, ngakhale zoti anayamba wasuntha phazi kuti apitirire.

Akapitawo anamvetsera osamudula. Changu atamaliza, iwo anafunsa funso limodzi lokha.

"Ana adya?"

"Adya, patebulo loyera," anayankha azakhali ali pakhomo. "Tatsuka ndi sopo, klorini mphindi khumi, makapu onse tabwereza."

Bamboyo anatseka botolo limene linali m'manja mwake, nakhala pandowa yovundikira, n'kuloza ina kuti Changu akhalepo.

"Mwana wanga, ndikuuze nkhani imene sindikonda kuinena. Ndili mnyamata ndinkagwira pamalo ena odyera anthu a pantchito. Tsiku lina mnzanga anasowa kansalu kake, n'kutenga ka kuchimbudzi kupukutira thabwa lodulirapo masamba. Anati wakachapa, palibe vuto. Ine ndinaona ndi maso angawa. Ndinakhala chete, poti anali mnzanga, komanso ndinkaopa kuti atichotsa tonse. Patapita masiku awiri anthu oposa makumi awiri anagonekedwa m'chipatala. Ambiri anachira. Koma panali mlonda wina wachikulire, amene ankandisungira njinga pageti tsiku lililonse. Ameneyo sanabwerenso. Palibe amene anadziwa chimene chinachitika, ndipo palibe amene anandifunsa. Ntchito yanga inapulumuka. Koma ndikukuuza kuti zaka makumi atatu zadutsa, ndipo ndikadutsa pageti lililonse la pantchito ndimamukumbukira bambo uja."

Anapukuta magalasi ake ndi m'mphepete mwa malaya.

"Anthu amatiyang'ana ngati okolopa chabe. Ena satipatsa ndi moni womwe. Zilibe kanthu. Dokotala amachiza munthu amene wadwala kale, ife timatseka khomo kuti matendawo asalowe. Ntchito yathu ikayenda bwino palibe amene amaiona, chifukwa palibe chimene chimachitika. Mayi amasoka, mwana amadya, madzulo onse amapita kwawo. Ndiye malipiro athu enieni amenewo. Tsono munthu amene akufuna kuti aziombedwa m'manja chifukwa chothamanga, ntchito ino imuvuta. Kuthamanga si kufika."

"Ndamva, bwana."

"Usafulumire kumva, ndisanamalize. Walakwa katatu. Koyamba, wathira mankhwala popanda muyezo. Klorini wosasungunula amawotcha khungu, amatsamwitsa, ndipo akakumana ndi mankhwala ena a m'chimbudzi amatulutsa mpweya wokomola munthu. Kachiwiri, utaona kuti zalakwika sunabwere kwa ine. Kiyi uyu ndimayenda naye kuti anthu azindipempha, osati azindiopa. Ukanabwera m'mawa ndikanakukalipira pang'ono, n'kukupatsa kansalu kena, nkhani n'kuthera pomwepo. Kachitatu, ndipo uku ndiye kulakwa kwakukulu, unabisa. Manyazi anapha lambe, mwana wanga. Lero akanapweteka ana a eni."

Changu anangoti zyoli. Pakhomo paja azakhali anali atapinda manja, akuyang'ana kudenga.

Akapitawo anatsekula kabati, natulutsa sizasi, n'kumupatsa.

"Vala magolovesi. Kadule tizidutswa, kuti wina asadzakatole kudzala n'kukakapukutira mbale kunyumba kwake. Ukatero uchape tinsalu tonse ta pachingwe cha toyera, ndi chingwe chomwe."

Changu anadula kansaluko mpaka kanatha. Anachapa toyera tonse ndi sopo, natviika m'madzi a klorini a muyezo wake, ndipo anadikira mphindi khumi popanda womuuza.

6. Pepala

Belu la masana litalira, makina anazima ndipo azimayi osoka anakhamukira kuchipinda cha ana. Changu anali pakhonde akukolopa, pang'onopang'ono, ataika chikwangwani chochenjeza kuti pansi m'ponyowa. Mayi wa kamtsikana kaja anadutsa atakanyamula, akukapsompsona tizala tonse timodzitimodzi. Sankadziwa chilichonse. Anangomwetulira Changu n'kunena kuti, "Mwaswera, asisi," n'kupitirira.

Changu anamuyang'ana mpaka anakhota. Anamva kupepuka m'thupi monse, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Akapitawo anamuitana iye ndi azakhali ake. Patebulo panali buku lolembamo ngozi za pantchito, ndi pepala lija pambali pake.

"Za lerozi ndalemba m'buku, mmene zinachitikira," anatero. "Dzina lako lilimo, ndipo silifufutika. Werenga, ukaona kuti n'zoona usaine."

Changu anawerenga n'kusaina.

Kenako akapitawo anakoka pepala lija. Azakhali anayamba kukonza mpango wawo wa kumutu umene unali wokonzeka kale.

"Mwezi wonse uno ndakhala ndikukuyang'ana," anatero bamboyo. "Dzulo ukanandifunsa, ndikanakuuza kuti sindikukulemba. Liwiro lako linkandiopsa, ndipo sindinkadziwa kuti ukalakwitsa umatani. Lero ndadziwa. Muyezo wa mankhwala ndikhoza kumuphunzitsa aliyense, ngakhale kangapo. Koma kutsekula pakamwa pamene kukhala chete kukanakupindulira, zimenezo ine ndinalephera ndili msinkhu wako."

Anasaina, nadinda chidindo, n'kumupatsa pepalalo.

Azakhali anatulutsa mpweya umene anausunga chiyambire m'mawa, n'kukhala pansi pandowa osaipukuta n'komwe. "Mwana uyu andikalambitsa," anatero. "Imvi zitatu zamera lero lokha."

"Zikomo, bwana," anatero Changu. "Zikomo, azakhali." Anagwira pepalalo ndi manja awiri.

"Usathokoze msanga," anatero akapitawo akutseka buku. "Kampani yapeza malo ena atsopano, ndipo akufuna munthu wodziwa ntchito kuti akayambitse. Ndatumiza dzina la azakhali akowa. Akuyamba Lolemba."

Azakhali anadzutsa mutu. "Nanga chipinda cha ana?"

"Chipinda cha ana ndikupereka kwa uyu."

Changu anayang'ana kumbuyo kwake, kuganiza kuti mwina kwaima munthu wina. Kunalibe.

"Ine, bwana? Ndi zimene ndachita lerozi?"

"Iweyo. Pa anthu anga onse, palibe amene adzayang'anitsitse kansalu asanapukute tebulo la mwana kuposa iwe." Anaimirira n'kukoleka kiyi palamba. "Ubwere molawirira. Lolemba lomwelo kukubwera oyendera zaumoyo, ndipo amayambira kwa ana. Mafunso awo udzayankha wekha."

Akapitawo anatuluka. Changu anatembenukira kwa azakhali ake, pepala lili m'manja, mantha ndi chimwemwe zitasakanikirana pankhope.

"Azakhali, mawa muli ndi zochita?"

"Mawa ndi Loweruka, ndimapuma. Bwanji?"

"Ndimati mundibwerezere zonse zija munandiuza tsiku loyamba. Ulendo uno ndibwera ndi kope."